Mmene Mungaphunzitsire Mkangano wa Maenje Akuda ndi Fizika ya Kwantamu Popanda Kusokeretsa Ophunzira

Mphunzitsi wa fizika amene akugwira ntchito ku Ulongue, ku Furancungo, ku Tsangano kapena ku Moatize sachedwa kufunsidwa za maenje akuda, chifukwa ophunzira ambiri tsopano amaonera timavidiyo ta pa Facebook ndi pa YouTube, ndipo timavidiyoti sitigwirizana. Kena kamanena kuti akatswiri athetsa chinsinsi cha maenjewa, kena kamati a Einstein analakwitsa, pamene kena kamalonjeza kuti dzenje lakuda ndi khomo lolowera ku chilengedwe china. Mabuku a m'kalasi, amene kuno kwathu ku Mozambique ndi a Chipwitikizi ndipo dzenjeli amalitchula kuti buraco negro, analembedwa kuti aphunzitse zinthu zokhazikika, motero sangakuthandizeni kwenikweni pa nkhani imene eni ake akadakanganabe. Malangizo awa ndi a mphunzitsi, mtsogoleri wa kalabu ya sayansi kapena kholo limene likufuna kuifotokoza nkhaniyi moona m'maphunziro atatu kapena anayi, pogwiritsa ntchito bolodi, choko, foni yowerengera masamu ndi usiku umodzi wopanda mitambo.

Musanatchule dzina la katswiri aliyense, gawani bolodi patatu. Gawo loyamba likhale la zimene zaonedwa kapena kuyezedwa ndi zipangizo, lachiwiri likhale la zimene zatuluka m'masamu ndipo akatswiri ambiri amazivomereza ngakhale palibe amene waziona, ndipo lachitatu likhale la zimene akadatsutsanabe. Mfundo iliyonse imene mungatchule, funsani kalasi kuti ilembedwe pati, ndipo musawauze yankho msanga. Chisokonezo chambiri cha pa intaneti chimabwera chifukwa chosakaniza magawo atatuwa, moti munthu akamva kuti akatswiri akukangana za maenje akuda amayesa kuti akukangana ngati maenjewo alipodi, pamene zimenezo zinatsimikizika kale ndipo mkangano weniweni uli pa funso lina lopapatiza kwambiri, lakuti kodi tsatanetsatane wa zinthu zogwera m'dzenjelo amatayikiratu kapena ayi.

Yambani ndi mphamvu yokoka, ndipo ophunzira awerenge okha

Mwala woponyedwa m'mwamba umabwerera pansi chifukwa liwiro lake ndi lochepa. Kuti chinthu chichoke pa dziko lapansi osabwereranso, chiyenera kunyamuka pa liwiro la makilomita 11.2 pa sekondi imodzi, ndipo dziko kapena nyenyezi ikakhala yolemera kwambiri komanso yothinana, liwiro lofunikali limakwera. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, ndipo palibe chimene chimakuposa. Lembani manambala awiriwa pa bolodi, kenako funsani chimene chingachitike nyenyezi itathinana mpaka liwiro lothawirapo litaposa la kuwala. Wophunzira amene angayankhe kuti nyenyezi yotereyi singaoneke wafika pamene anafika a John Michell, wansembe wa ku England amene analemba maganizo amenewa mu 1783.

Kuchokera pamenepo pitani kwa a Albert Einstein, amene mu 1915 anafotokoza kuti mphamvu yokoka ndi kupindika kwa malo ndi nthawi pafupi ndi chinthu cholemera, ndipo kuwala nakonso kumatsatira kupindikako. Ophunzira athu amatchera khutu akamva kuti umboni woyamba wotchuka wa chiphunzitsochi unapezeka m'madera olankhula Chipwitikizi, pa kadamsana wa pa 29 Meyi 1919, pamene gulu la a Arthur Eddington linali pa chilumba cha Príncipe ndipo gulu lina linali ku Sobral, ku Brazil, kuyeza mmene kuwala kwa nyenyezi kumakhotera podutsa pafupi ndi dzuwa. Mu 1916 a Karl Schwarzschild, amene panthawiyo anali msilikali wa Germany pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse ndipo anamwalira chaka chomwecho, anapeza yankho la masamu a Einstein limene limasonyeza malire ozungulira chinthu chothinana, malire amene chilichonse chowoloka sichibwereranso. M'mabuku a Chipwitikizi mudzawapeza pa dzina lakuti horizonte de eventos.

Apa ndi pamene foni iyenera kugwira ntchito. Lamulo losavuta ndi lakuti mtunda wochokera pakati pa dzenje kufika pa malire ake ndi makilomita pafupifupi 3 pa kulemera kulikonse kofanana ndi kwa dzuwa limodzi. Dzenje lolemera ngati madzuwa 10 lili ndi makilomita 30. Dzenje la pakati pa mlalang'amba wathu, lotchedwa Sagittarius A*, ndi lolemera ngati madzuwa 4 miliyoni, choncho ophunzira apeza makilomita 12 miliyoni, ndipo akayerekeza ndi makilomita 150 miliyoni a pakati pa ife ndi dzuwa aona kuti silifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi. Dziko lathu lonseli likanafunika kufinyidwa mpaka mamilimita pafupifupi 9 kuchokera pakati kuti lisanduke dzenje lakuda. Pomwepa chotsani mantha amene amafala kwambiri, akuti maenjewa amayamwa chilichonse. Dzuwa litasanduka dzenje lakuda la kulemera komweko, dziko lapansi lingapitirize kulizungulira m'njira yake yomweyi, kungoti mumdima ndi m'chisanu, ndiponso dzuwa lathu ndi lopepuka kwambiri moti silidzasanduka dzenje lotere.

Pofotokoza malire aja gwiritsani ntchito fanizo limodzi lokha, ndipo likhale la mtsinje. Taganizani za munthu wopalasa bwato pa Zambezi pamalo pamene madzi akupanikizika pakati pa matanthwe, monga kumapiri a ku Songo, ndipo liwiro lawo likuwonjezeka pang'onopang'ono. Wopalasayo ali ndi liwiro limene sangapitirire ngakhale atagwira nkhafi mwamphamvu chotani. Kumtunda, kumene madzi ndi odekha, akhoza kutembenuka ndi kubwerera, koma pali malo ena pamene liwiro la madzi limafanana ndi lake, ndipo akadutsa pamenepo amapitabe kumunsi ngakhale akupalasira kumtunda. Chofunika kutsindika ndi chakuti pamalo amenewo palibe chingwe, chikwangwani kapena thovu lapadera, madzi amaoneka chimodzimodzi, ndipo wopalasayo sadziwa kuti wawoloka. Umu ndi mmene chiphunzitso cha a Einstein chimanenera za munthu wogwera m'dzenje lalikulu kwambiri, kuti pa malire penipenipo sangamve chilichonse chachilendo. Uzani ophunzira kuti aisunge mfundo imeneyi, pakuti ndi imene akatswiri ena anadzaikayikira mu 2012.

Dzazani gawo la zimene zaonedwa

Gawo loyamba la bolodi lili ndi zinthu zambiri kuposa mmene anthu amaganizira, ndipo ndi bwino kulidzaza mwachangu. Magulu awiri, lina lotsogoleredwa ndi a Reinhard Genzel ndipo lina ndi a Andrea Ghez, anatsatira nyenyezi zozungulira pakati pa mlalang'amba wathu kwa zaka zoposa makumi awiri, ndipo imodzi mwa nyenyezizo, yotchedwa S2, imamaliza ulendo wake m'zaka pafupifupi 16 pozungulira chinthu chosaoneka. Ntchitoyi inawapatsa mphoto ya Nobel mu 2020, pamodzi ndi a Roger Penrose, amene mu 1965 anasonyeza mwa masamu kuti chiphunzitso cha a Einstein chimabaladi maenje akuda. Pa 14 Seputembala 2015 zipangizo za LIGO ku United States zinamva mafunde a mphamvu yokoka ochokera ku maenje awiri amene anagundana ndi kukhala limodzi, lina lolemera ngati madzuwa 36 ndipo lina ngati madzuwa 29. Pa 10 Epulo 2019 gulu la Event Horizon Telescope linaonetsa chithunzi cha dzenje la mu mlalang'amba wa M87, lolemera ngati madzuwa 6.5 biliyoni, ndipo pa 12 Meyi 2022 linaonetsa cha Sagittarius A*. Fotokozani kuti chimene chikuwala pa zithunzizo ndi mpweya wotentha wozungulira dzenje, ndipo mdima wa pakatiwo ndi mthunzi wake.

Ngati n'kotheka, konzani kuti phunziro limeneli lichitike m'miyezi ya Juni kapena Julayi, mitambo itachoka koma utsi wa moto wa kutchire usanachuluke, ndipo sankhani usiku wopanda mwezi. Kuno ku Tete tili ndi mwayi umene anthu a ku Ulaya alibe, wakuti pakati pa mlalang'amba pamadutsa pafupifupi pamwamba pa mitu yathu. Chakumapeto kwa Julayi, cha m'ma 9 koloko usiku, pitani pabwalo lakutali ndi magetsi, pezani nyenyezi yofiirira ya Antares mu gulu la nyenyezi looneka ngati chinkhanira, tsatirani mchira wake, ndipo chapafupi ndi mbola yake mudzaona pamene mlalang'amba wakhuthala kwambiri. Dzenjelo lili kumeneko, kutali moti kuwala kumatenga zaka pafupifupi 26,000 kuti kutifike, ndipo fumbi la m'mlengalenga limabisa malowo ku maso athu. N'chifukwa chake akatswiri amagwiritsa ntchito zipangizo zomva mafunde a wailesi, monga MeerKAT ya ku South Africa, imene inatsegulidwa mu 2018 ili ndi madishi 64.

Pamene mkangano umayambira

Phunziro lachiwiri liyambe ndi lamulo limodzi la fizika ya kwantamu, imene ndi fizika ya tinthu ting'onoting'ono monga maatomu, maelekitironi ndi tizigawo ta kuwala. Musayese kuiphunzitsa yonse. Chofunika pa nkhaniyi ndi chakuti, malinga ndi masamu a kwantamu, uthenga wonena za mmene zinthu zinalili sufafanizika. Ndi mawu akuti uthenga tikutanthauza tsatanetsatane yense wa tinthu timene tapanga chinthu, mmene tinakhalira ndi mmene tinkayendera. Tengani mapepala awiri, lembani mawu osiyana pa lililonse, ndipo muwatenthe panja ophunzira akuona. Phulusa lake limaoneka lofanana ndipo palibe munthu amene angawerengenso mawuwo, koma fizika imati utsi, phulusa, kutentha ndi kuwala zochokera ku pepala loyamba ndi zosiyana pang'ono ndi zochokera ku lachiwiri, moti munthu atatha kusonkhanitsa kachigawo kalikonse akhoza kudziwa chimene chinalembedwa. Uthengawo wamwazika, koma ukadalipo. Lamuloli likaphwanyidwa, masamu amene amatilola kulosera zam'tsogolo kuchokera pa zalero, ndi kufufuza zakale kuchokera pa zalero, amasiya kudalirika.

Tsopano bwererani ku dzenje. Masamu a Einstein amasonyeza kuti dzenje lakuda likakhazikika, wa kunja angadziwe zinthu zitatu zokha za ilo, zomwe ndi kulemera kwake, kazunguliridwe kake ndi mphamvu yake ya magetsi. Kaya munagwera nyenyezi, miyala kapena mabuku, kunja kwake kumaoneka chimodzimodzi, ndipo a John Wheeler, amene anatchukitsa dzina lakuti dzenje lakuda mu 1967, ankanena mwanthabwala kuti maenjewa alibe tsitsi. Pa nthawiyo zimenezi sizinkavutitsa aliyense, chifukwa zinali zotheka kunena kuti uthengawo uli mkati, wangobisika. Kenako wophunzira wa a Wheeler, a Jacob Bekenstein, ananena mu 1972 kuti dzenje lakuda liyenera kukhala ndi entropi, umene ndi muyeso wa uthenga wobisika m'chinthu, ndiponso kuti kuchuluka kwake kumatsatira kukula kwa nkhope ya malire, osati kukula kwa mkati. A Stephen Hawking poyamba anatsutsa, chifukwa chinthu chokhala ndi entropi chiyenera kukhalanso ndi kutentha, ndipo chotentha chiyenera kutulutsa cheza, zimene dzenje lakuda silinkayenera kuchita.

Mu 1974 a Hawking anachita masamu okha, akuika malamulo a kwantamu pa malo opindika ozungulira dzenje, ndipo anapeza kuti chezacho chilipodi. Chimatchedwa cheza cha Hawking, ndipo chifukwa chimanyamula mphamvu, dzenje limapepuka pang'onopang'ono mpaka kutheratu. Pano musathamange, chifukwa manambala ndi amene angawathandize ophunzira kuiika mfundoyi pa malo ake. Dzenje lolemera ngati dzuwa lili ndi kutentha kwa madigiri a Kelvin (muyeso wa kutentha woyambira pa kuzizira kotheratu) pafupifupi 0.00000006, ndipo likamalemera kwambiri limazizirirapo. Koma mlengalenga monse muli cheza chotsala cha pachiyambi cha chilengedwe, chimene kutentha kwake ndi madigiri a Kelvin 2.7, choncho maenje onse amene tikuwadziwa akumeza kutentha kochuluka kuposa kumene akutulutsa, ndipo panopa sakuchepa. Kuti dzenje lolemera ngati dzuwa lithe, pangafunike zaka zolembedwa ndi 1 wotsatiridwa ndi maziro 67, pamene chilengedwe chonse chakhalapo zaka 13.8 biliyoni zokha. Itanani wophunzira mmodzi kuti alembe maziro 67 amenewo pa bolodi, ndipo winawo alembe zaka za chilengedwe pansi pake. Akatero kalasi imvetsa yokha chifukwa chake cheza cha Hawking chiyenera kulembedwa m'gawo lachiwiri, pakuti palibe chipangizo chimene chinachionapo.

Mabuku ambiri amafotokoza chezachi ndi nkhani ya tinthu tiwiri timene timabadwa pamodzi pafupi ndi malire, kena kakugwera mkati, kena kakuthawira kunja. Mukhoza kuigwiritsa ntchito, chifukwa imathandiza kumvetsa mfundo yofunika yakuti kotuluka ndi kogwera mkati ndi tokolana, kutanthauza kuti mbiri ya kamodzi siikwanira popanda kanzake. Koma auzeni ophunzira kuti a Hawking eniake anachenjeza kuti ichi ndi chithunzithunzi chabe, ndipo masamu enieni sanena ndendende choncho.

Vuto lenileni a Hawking analitchula mu 1976. Malinga ndi masamu awo, cheza chotulukacho chimadalira pa kulemera, kazunguliridwe ndi mphamvu ya magetsi ya dzenje basi, ndipo sichinyamula chilichonse chonena za zimene zinagweramo. Mapepala awiri aja atagwera m'maenje awiri ofanana, cheza chotuluka chingakhale chimodzimodzi. Dzenje likadzatha, sipadzakhalanso mkati mobisala uthenga, ndipo kunja uthengawo sunatuluke, ndiye kuti wafafanizika, zimene fizika ya kwantamu imakana. Ziphunzitso ziwiri zimene zapambana mayeso onse amene zinayesedwa, cha Einstein pa zinthu zikuluzikulu ndi cha kwantamu pa zing'onozing'ono, zikupereka mayankho osagwirizana pa funso limodzi. Lembani funsoli pamwamba pa gawo lachitatu: kodi uthenga wogwera m'dzenje lakuda umatayika, ndipo ngati sutayika, umatuluka bwanji?

Konzani mtsutso wa m'kalasi

Njira yabwino yophunzitsira mbali yotsalayi ndi kugawa ophunzira m'magulu ndi kupatsa gulu lililonse mbali yoti liikire kumbuyo, ndi lamulo lakuti gulu lililonse linene poyera chimene likulolera kutaya. Lamulo limeneli ndi mtima wa phunziroli, chifukwa pa mkangano uwu palibe mbali imene imapeza zonse zimene ikufuna.

Gulu loyamba litenge mbali ya a Hawking a mu 1976, yakuti uthenga umatayikadi ndipo malamulo a kwantamu ayenera kusinthidwa pamene pali maenje akuda. Musaione mbaliyi ngati yakufa. A Penrose akhala akuikhulupirira, ndipo a William Unruh ndi a Robert Wald analemba mu 2017 kuti kutayika kwa uthenga m'dzenje sikuphwanya lamulo lililonse lofunika monga mmene ena amaopera. Mphamvu ya mbaliyi ndi yakuti imatsatira masamu a Hawking monga alili, popanda kuwonjezera chinthu chatsopano.

Gulu lachiwiri, limene lili ndi akatswiri ochuluka masiku ano, litenge mbali ya a Gerard 't Hooft ndi a Leonard Susskind, amene kwa zaka zambiri anaumirira kuti uthenga sungatayike. Iwo anatenga mfundo ya a Bekenstein ija, yakuti entropi imatsatira nkhope ya malire, n'kunena kuti zonse za mkati mwa dera lililonse zikhoza kulembedwa pa malire ake. Mu 1996 a Andrew Strominger ndi a Cumrun Vafa, pogwiritsa ntchito chiphunzitso cha tizingwe, chimene chimati tinthu tonse ting'onoting'ono ndi tizingwe tonjenjemera, anawerenga entropi ya mtundu wina wapadera wa maenje ndipo yankho lawo linagwirizana ndi la Bekenstein ndi Hawking. Mu 1997 a Juan Maldacena, mbadwa ya ku Argentina, anasonyeza kuti m'mtundu wina wa chilengedwe cha m'masamu, mphamvu yokoka ya mkati imafanana ndendende ndi chiphunzitso cha kwantamu cha pa malire, mmene uthenga sutayika. Chaka chomwecho a Hawking ndi a Kip Thorne anabetcherana ndi a John Preskill pa funso lomweli, ndipo mu 2004, pa msonkhano wa ku Dublin, a Hawking anavomera kuti aluza ndipo anapatsa a Preskill buku lalikulu la masewero a baseball. A Thorne sanavomere nawo. Gulu loyamba likumbutsidwe kuti lili ndi poyankhira, pakuti chilengedwe cha m'masamu a Maldacena chimapindika mosiyana ndi chathu, chimene chikufutukuka mowonjezereka, komanso kuvomera kwa munthu mmodzi, ngakhale wotchuka, si umboni wochokera ku chipangizo.

Musanalole gulu lachitatu kulankhula, jambulani mizere iwiri pa bolodi, nthawi ikupita chakumanja ndipo kukolana kwa cheza ndi dzenje kukukwera m'mwamba. Mzere wa masamu a Hawking umangokwera mpaka dzenje litatha. Mzere wachiwiri, umene a Don Page anaufotokoza mu 1993, umakwera kufikira pamene dzenje lataya pafupifupi theka la entropi yake, kenako umatsika mpaka pa ziro, ndipo umu ndi mmene ziyenera kukhalira ngati uthenga ukutuluka. Phindu la chojambulachi ndi lakuti chikusonyeza kuti vuto silidikira mapeto a dzenje, pamene tinganene kuti malamulo odziwika asiya kugwira ntchito, koma limayamba dzenje likadali lalikulu.

Gulu lachitatu litenge mfundo ya mu 2012 ya a Ahmed Almheiri, a Donald Marolf, a Joseph Polchinski ndi a James Sully. Anayiwa anakumbutsa anzawo lamulo la kwantamu lakuti kanthu kokolana kotheratu ndi kanzake kamodzi sikangakolanenso kotheratu ndi kachitatu. Kuti uthenga utuluke, kachigawo ka cheza kotuluka dzenje litakalamba kayenera kukolana ndi cheza chimene chinatuluka kale. Kuti wogwera m'dzenje asamve chilichonse pa malire, kachigawo komweko kayenera kukolana ndi kanzake ka mkati. Ziwirizi sizingatheke pamodzi. Choncho munthu ayenera kusankha chotaya, kaya ndi mfundo yakuti uthenga umatuluka, kaya yakuti fizika yodziwika imagwira ntchito kunja kwa malire, kaya ya a Einstein ija yakuti pa malire palibe chachilendo. Iwo anati chosavuta kutaya ndi chomalizachi, ndipo ngati zili choncho, wogwera m'dzenje lokalamba angakumane ndi khoma la moto limene lingamupsereze pomwepo. Akatswiri ambiri sanakondwe nalo yankholi, koma analephera kuloza msanga pamene masamuwo alakwika. Ngati kalasi ndi yaikulu, gulu lachinayi likhoza kutenga maganizo a a Samir Mathur, amene amati malire osalala kulibe n'komwe, ndipo chimene timachitcha dzenje ndi mpukutu wa tizingwe wodzaza mpaka kunja.

Ophunzira adzafuna kuti inu mugamule, ndipo ndi bwino kuwauza moona pamene nkhani yafika. Mu 2019 a Geoffrey Penington, ndiponso paokha a Almheiri, a Netta Engelhardt, a Marolf ndi a Henry Maxfield, anapeza njira yowerengera entropi ya cheza imene inatulutsa mzere wa Page kuchokera m'masamu a mphamvu yokoka. Chodabwitsa cha njirayi ndi chakuti dzenje likakalamba, mbali ina ya mkati mwake, imene imatchedwa chilumba, imawerengedwa ngati gawo la cheza cha kunja. Zimenezi zinalimbitsa kwambiri gulu lachiwiri, ndipo ine ndikuona kuti wophunzira akafunsa kumene akatswiri ambiri apendekera, muyenera kumuyankha kuti ndi ku mbali yakuti uthenga sutayika. Koma onjezerani kuti masamuwa anachitidwa makamaka pa zitsanzo zophweka za chilengedwe, kuti akusonyeza kuchuluka kwa uthenga wotuluka popanda kufotokoza bwinobwino njira imene umatulukira, ndiponso kuti funso la zimene wogwera mkati angakumane nazo likadali m'gawo lachitatu. Pogoletsa mtsutsowo, perekani malikisi kwa gulu limene latchula bwino zofooka za mbali yake, osati limene lalankhula mokweza.

Aphunzitseni kuwerenga nkhani zatsopano

Phunziro lomaliza likhale la kuyesa nkhani imene ophunzira eniake abweretsa kuchokera pa mafoni awo. Pa nkhani iliyonse afunse kaye ngati ikunena za chipangizo chimene chayeza chinachake kapena za masamu amene munthu wachita, ndipo ngati ndi chipangizo, atchule dzina lake. Afunsenso ngati masamuwo ndi a chilengedwe chathu kapena a chitsanzo chophweka, ndiponso ngati olembawo atchula anthu amene sakugwirizana nawo. Zolemba zambiri za akatswiriwa zimaikidwa kwaulere pa tsamba la pa intaneti lotchedwa arXiv zisanaunikidwe ndi anzawo, choncho kupezeka kwa nkhani kumeneko sikutanthauza kuti yavomerezedwa. Pofufuza m'Chipwitikizi, mawu akuti radiação de Hawking ndi paradoxo da informação amatulutsa zolemba za mayunivesite a ku Brazil ndi ku Portugal zimene wophunzira wa kalasi ya 11 kapena ya 12 angathe kuzitsatira, ndipo chifukwa cha mtengo wa intaneti ndi bwino kuti mphunzitsi akopere zolemba ziwiri kapena zitatu kamodzi n'kugawira ena, m'malo moti aliyense aziwononga ndalama pa mavidiyo.

Chitsanzo chabwino choyeserera ndi mutu wankhani umene umabwera kawirikawiri, wakuti cheza cha Hawking chaonedwa mu labotale. Gwero lake ndi lakuti mu 1981 a Unruh anasonyeza kuti mafunde a phokoso m'madzi othamanga kuposa liwiro la phokosolo amatsatira masamu ofanana ndi a kuwala pafupi ndi dzenje lakuda, ndipo mu 2016 a Jeff Steinhauer a ku Technion, ku Israel, analengeza kuti aona cheza chofanana ndi cha Hawking mu mtambo wa maatomu a rubidium oziziritsidwa kwambiri. Asiyeni ophunzira akangane za gawo loyenera nkhaniyi. Yankho lolondola limafuna kuigawa pawiri, chifukwa zimene zinayezedwa mu maatomuwo ndi za gawo loyamba ndipo zimalimbikitsa masamu a Hawking, koma mu chipangizocho munalibe kupindika kwa malo ndi nthawi kobwera ndi mphamvu yokoka, motero cheza cha dzenje lenileni la m'mlengalenga chiyenera kukhalabe m'gawo lachiwiri, ndipo funso la uthenga siligwedezeka pa malo ake.